Loweruka Limene Ndinalonjeza Agogo Anu

Tadala ndi Yamikani, mwakhala mukundiumiriza kuti popeza tsopano ndikungokhala, ndilembe za ntchito zimene ndagwira. Za ubwana sindilemba, chifukwa palibe chinachitika kupatula kuweta mbuzi ndi kubwereza Sitandade 8 kawiri. Koma ndikuuziretu kumene chaputala chino chikupita. Chikupita pa nkhani ya mmene ndinalepherera kuwapeza agogo anu ali moyo, ine munthu amene ndinagwira ntchito pabwalo la ndege zaka khumi ndi zinayi. Mpaka lero ndikayamba kuwerenga maola a ulendo umenewo mutu umaima. Mwina inu a sukulu mudzaona pamene ndinaphonya.

1985 mpaka 1999: Pasikelo ku Lumbadzi

Ntchito yanga yoyamba inali yoyeza katundu wa apaulendo pabwalo la ndege la ku Lumbadzi, kunja kwa Lilongwe. Munthu ankabwera ndi sutikesi, ine n'kuiika pasikelo, n'kumangirira kapepala, n'kuikankhira kuseri. Basi. Bwana wathu anali a Nyirenda, munthu wamfupi wokonda tayi ngakhale mu Okotobala. Mu ofesi mwawo munali mapu a dziko lonse okhala ndi mizere yofiira yochokera ku Lilongwe, ndipo akasangalala ankatiitana n'kumaloza ndi lula. "Anyamata, dziko ndi laling'ono. Joni ndi maola awiri. London ndi tulo tamodzi." Ife tinkangogwedeza mitu, palibe mmodzi yemwe mwa ife anali atakwerapo ndege. Zosowa zinali zambiri. Timapepala tomangirira tikatha tinkadula makatoni ndi lumo, ndipo chaka china sikelo inafa kwa miyezi, ine n'kumayeza ndi dzanja. Ndinkanyamula sutikesi n'kunena kuti makilo makumi awiri ndi atatu, ndipo sikelo itakonzedwa zinapezeka kuti dzanja langa silinkanama kwenikweni. Zimenezi zinandipatsa matama amene sanandithandize m'tsogolo.

Kwathu ku Ntcheu ndinali "Wyson wa kundege". Ndikapita kutchuthi anthu ankandifunsa kutalika kwa maiko ngati kuti ndinawayenda ndi phazi, ndipo ndinkayankha mosadodoma, mawu a a Nyirenda aja ndikuwagulitsa ngati anga. Amayi anu atapeza malo a sukulu ya unamwino kuno ku Indiana mu 1998, n'kunyamuka, ine ndinatsala nanu chaka chimodzi kenako nthawi yathu inakwana. Ndinapita kukatsanzika agogo anu. Ndinawapeza akusenda nandolo, ndipo sanasiye ntchito yawo pamene ankandifunsa.

"Kodi kumeneko n'kutali bwanji?"

"Ndi tsiku limodzi, amayi. Ku Karonga pa basi n'kutali kuposa kumeneko."

"Nanga ndikadwala?"

"Mukangotumiza uthenga, mawa lake ndafika."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kunena kuti, "Chabwino. Iwe ndiwe wodziwa za ndege." Sanalire, anangondipatsa nandolo zija m'kathumba kuti ndikapatse apongozi awo.

1999 mpaka 2004: South Bend

Ulendo wobwera ndi umene unandipusitsa, ndipo ndikufuna muumvetse bwino. Tinanyamuka ku Lilongwe Lolemba masana, mu Novembala. Tinatera ku Nairobi, tinatera ku Amsterdam, ndipo paliponse munthu ankatiuza kuti tisinthe wotchi, ine n'kumasintha ngati mwana womvera. Titafika ku Chicago ndinayang'ana pakhoma, linali Lachiwiri masana. Ndinadziuza kuti waona, Lolemba masana mpaka Lachiwiri masana, tsiku limodzi ndendende monga ndinawauzira amayi. Thupi linkakana, miyendo itatupa, inu awiri mutagona ngati matumba a chimanga, koma ine ndinakhulupirira wotchi. Sindinadziwe kuti munthu ukamapita kumene dzuwa limalowera wotchi imakubwezera maola, ndipo kuti maola asanu ndi atatu amene tinayendadi anali atangosowa pakhomapo. Ulendo wa tsiku limodzi ndi maola asanu ndi atatu ndinausunga m'mutu ngati wa tsiku limodzi.

Za nthawi kuno zinandizunguza kuyambira tsiku loyamba. Amayi anu anadzatitenga, tinakwera sitima yopita ku South Bend, ndipo tili m'njira anati, "Bambo a Tadala, pititsani wotchi ola limodzi patsogolo." Ndinafunsa kuti kodi tatulukanso m'dziko? Anati ayi, ndi mmene zilili. Nditazolowera kuti ife tili patsogolo pa Chicago ndi ola, chilimwe chinafika ndipo anthu anati tsopano tafanana nawo, chifukwa masiku amenewo Chicago inkasintha mawotchi koma ife ayi. Kenako chaka cha 2006 anati nafenso tiyambe kusintha. Kumudzi kunali patsogolo pathu ndi maola asanu ndi awiri, mwadzidzidzi kwa theka la chaka n'kukhala asanu ndi limodzi, ngati kuti Ntcheu wasendera. Ndinasiya kufunsa. Ndinangoloweza kuti ndikamadya chammawa, kwathu akudya chamasana, ndipo izi ndinkazidziwa pa nkhani ya foni yokha. Kuti zimakhudzanso ulendo, sizinandibwerere m'mutu.

Ntchito ndinaipeza kunyumba yosungira okalamba, kufupi ndi pakati pa tauni. Ndinayamba kochapira, kenako anandiphunzitsa kusambitsa ndi kudyetsa. Kunali agogo ena amene mwana wawo ankakhala mtunda wa mphindi makumi awiri pagalimoto koma ankabwera pa Khirisimasi pokha, ndipo ine ndinkamunena mumtima ndikamawapesa tsitsi. Ndinkati anthu akuno alibe umunthu. Ine amayi anga ndinali ndisanawaone zaka zinayi, koma ndinkadziona wosiyana, chifukwa ine ndinali ndi chifukwa. Chilolezo chogwira ntchito ndinali nacho, koma loya anati mapepala okhazikika akadali m'njira, ndipo ndikatuluka m'dziko fomu yanga ifa.

2004 mpaka 2010: Indianapolis

Amayi anu atapeza ntchito pachipatala china chachikulu pakati pa Indianapolis, tinasamuka, ndipo nanenso ndinalowa pomwepo ngati wokankha odwala. Ukaitanidwa pa kawailesi, umatenga bedi kapena njinga ya odwala, n'kumunyamula munthu kuchoka kuwodi kupita kojambula kapena kochitira opaleshoni, n'kumubwezanso. Ndinkaseka ndekha kuti ndachoka pa masutikesi ndafika pa anthu, koma ntchito ndi yomweyo. Bwana wanga anali Mayi Loreni, mzimayi wamtali wa konkuno, wa mawu okhuthala, amene sankadziwa kumwetulira mmawa. Poyamba ndinkamuopa. Koma chaka chilichonse loya akafuna kalata yonena kuti ndine wantchito wabwino, Mayi Loreni ankailemba tsiku lomwelo. Chaka china chilolezo changa chinachedwa kutuluka ndipo ndinakhala pakhomo milungu isanu ndi umodzi. Akuluakulu anafuna kuika munthu wina pamalo panga, koma iye anakana, masiku ena n'kumakankha yekha mabedi. Nditabwerera anangoti, "Wyson, msana wanga ukukudziwa." Kuyambira pamenepo mayi ameneyu akandipempha chinthu, pakamwa panga pankavomera mutu usanaganize.

Mapepala anatuluka mu 2009. Apa ndiye pamene sinditha kudziteteza. Njira inatseguka, koma ndinati tidikire iwe Tadala umalize sekondale kuti tidzapite tonse. Ndinatinso pantchito anthu ndi ochepa, chaka chamawa zikhala bwino. Agogo anu ankafunsa pafoni ya bambo anu aang'ono a Saulosi kuti ubwera liti, ine n'kumati posachedwa. Mumtima sindinkaona changu, popeza ndinali munthu wokhala tsiku limodzi lokha kuchokera kwa mayi ake.

Okotobala 2010: Mlungu umenewo

Lachiwiri mmawa ndikumanga nsapato, foni inalira. Anali Saulosi. "Achimwene, amayi adwalika. Kuchipatala atiuza kuti tikawasamalire kunyumba." Munthu wogwira ntchito m'chipatala ndinayenera kumva tanthauzo la mawu amenewo, ndipo ndinamvadi, koma ndinawakankhira pambali. Nditafika kuntchito ndinapita kwa Mayi Loreni. Mlungu umenewo tinali titatsala atatu pa anthu asanu ndi awiri a shifiti ya masana: wina anavulala msana, awiri anasiya ntchito, wina anali kutchuthi chobereka. Odwala ankadikira pakhonde la wodi mpaka anamwino kumatikalipira. Mayi Loreni anandimvetsera, n'kuvula magalasi.

"Wyson, ngati ukuyenera kupita lero, pita lero. Mayi ndi mayi. Koma ngati ungathe kundigwirira mpaka Lachisanu masana, Lolemba akubwera anthu awiri atsopano. Usandiyankhe panopa, kaganize."

Sanandikakamize, izi ndikulemba kuti musadzamunene. Ndinapita m'chipinda chathu chopumulira mmene munali kompyuta, ndinalemba Indianapolis, ndinalemba Lilongwe, ndinafunsa kutalika. Tsamba lina linandionetsa mapu okhala ndi mzere umodzi wokongola wodutsa panyanja, ngati wa a Nyirenda uja. Linati makilomita oposa zikwi khumi ndi zitatu, ndipo pandege ndi maola pafupifupi khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinawerenga ndi zala. Kunyamuka Lachisanu madzulo, maola khumi ndi asanu ndi awiri, ndiye kuti Loweruka mmawa. Ndinaonjezapo maola angapo osinthira ndege, popeza sindinali wopusa kotheratu, ndipo zinandipatsa Loweruka masana. Tsiku limodzi, monga ulendo wobwera uja. Kompyuta ndi chikumbumtima changa zinagwirizana, ndiye ndikanakayika chiyani? Sindinaone kuti palibe ndege imene imauluka mzere umenewo. Ndinabwerera kwa Mayi Loreni n'kunena kuti ndikhala mpaka Lachisanu, ndipo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Nthawi ya nkhomaliro ndinaimbira Saulosi, ndipo anawaikira agogo anu foni pakhutu. Mawu awo anali aang'ono ngati a mwana.

"Wyson, uli kuti?"

"Ndikubwera, amayi. Loweruka masana ndafika."

"Loweruka liti?"

"Lomweli, amayi. Lero Lachiwiri."

"Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu," anawerenga pang'onopang'ono. "Chabwino. Ndikhalapo."

Lachitatu mmawa ndinapempha ola limodzi n'kuthamangira ku Lafayette Road, kwa Idrisa, munthu wa ku Senegal amene ankagulitsa matikiti m'kaofesi kakang'ono pakati pa sitolo ya zakudya za kwathu ku Africa ndi malo ometera. Amalawi ambiri ankabuka kwa iye. Ndinamuuza kuti ndikufuna kunyamuka Lachisanu madzulo kuti ndikafike Loweruka. Anagogoda pakompyuta yake, n'kupukusa mutu.

"Ukanyamuka Lachisanu ufika Lamulungu, m'bale wanga."

"Ayi, Loweruka. Ndi maola khumi ndi asanu ndi awiri."

"Ndani wakuuza?"

"Ndaona ndekha. Ndiponso ine ndagwira ntchito pabwalo la ndege."

Anatembenuza kompyutayo kuti ndione. Detroit. Amsterdam Loweruka mmawa. Nairobi Loweruka dzuwa litalowa, ndipo ndege ya ku Lilongwe kulibe mpaka kutacha. Lilongwe Lamulungu cha m'ma 11 koloko. Ndinamuuza kuti pobwera ndinadutsa njira yomweyo ndipo linali tsiku limodzi. Iye anati, "Pobwera wotchi inakupatsa maola, pobwerera ikulanda. Ndipo pobwera ndege zinalumikizana, uku ugona pampando." Ndinamufunsa kuti maola amenewo ikulanda ikupita nawo kuti, ndipo anandiyang'ana mwachisoni ngati ndafunsa kumene mphepo imagona. Kenako anati, "Tamvera. Lero 4 koloko pali mpando umodzi. Ukakwera imeneyo, Lachisanu uli kwanu. Sankha, koma usanadutse masana."

Ndinatuluka panja n'kuimbira amayi anu, amene anali pantchito. Sanazungulire.

"Bukani ya lero, bambo a Tadala. Chikwama ndikupakirani pa bureki. Shifiti akava ena."

"Akava ndani? Tatsala atatu. Ndapereka kale mawu kwa Mayi Loreni."

"Mwaperekanso mawu kwa amayi. Mwa awiriwo, ndani angathe kudikira?"

"Saulosi akuti dzulo amwa phala."

"Ine ndine namwino, bambo. Phala limenelo musalidalire."

Ndinaima pamalo oimika magalimoto, kunja kwa ofesi ya Idrisa, nthawi yaitali. Ndikanena kuti ndinayeza bwinobwino ndiye kuti ndikunama. M'mutu munali phokoso lokhalokha. Mbali ina inkati Idrisa waonjezera dala monga amachitira anthu a matikiti, mwina ku Nairobi ndikapeza ndege ina tsiku lomwelo. Mbali ina inkaona nkhope ya Mayi Loreni ndikumuuza kuti mawu a dzulo aja ndabweza, mayi amene anandikankhira mabedi milungu isanu ndi umodzi. Anali manyazi, ana anga. Ndinachita manyazi ndi bwana amene ndinkamuona tsiku lililonse kuposa mayi amene ndinali ndisanamuone zaka khumi ndi chimodzi. Ndinafuna kusunga mbali zonse ziwiri, ndipo akuluakulu ananena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinalowanso n'kugula ya Lachisanu.

Ndinaimbira Saulosi kuti zasintha, ndifika Lamulungu, awauze amayi. Iye anakana.

"Achimwene, ine sindibwereranso kukanena zimenezo. Kuyambira dzulo akuwerenga masiku ndi zala. Aliyense wolowa akumuuza kuti Wyson akubwera Loweruka. Ndiwapatse foni muwauze nokha?"

"Ali maso?"

"Akusinza, koma ndingawadzutse."

"Ayi, asiye apume. Ndiimbanso."

Sindinaimbenso kuti ndilankhule nawo. Lachinayi ndinafunsa za phala, Lachisanu ndinafunsa za phala, koma foni pakhutu pawo sindinapemphe. Ndinkaopa kumva akuwerenganso.

Ulendo

Lachisanu ndinakankha bedi lomaliza 12 koloko, ndinasintha malaya, amayi anu n'kundisiya pabwalo la ndege. Ku Amsterdam ndinafika Loweruka mmawa. Ndinafunsa mayi wina wa yunifolomu kuti ku Malawi ndi nthawi yanji, ndipo atayang'ana pafoni yake anati ndi yomweyi, mwezi uno timafanana. Apa ndiye ndinasokonezeka kwenikweni. Wotchi ya pakhoma inali ya kwathu, tsiku linali Loweruka lomwe ndinalonjeza, dzuwa lomwelo, koma ine ndinali pakati pa azungu ovala majekete, kwathu kukadali kutsidya kwa Africa yense. Ndinakhala pampando n'kumayang'ana wotchiyo ikupita ku 10 koloko, ndikudziwa kuti ku Ntcheu nayonso ikupita ku 10 koloko.

M'ndege ya ku Nairobi munali kagalasi kumbuyo kwa mpando koonetsa pamene tafika. Masana onse ndinayang'ana kandege kakang'ono kakukwawa pamwamba pa nyanja, kenako pamwamba pa chipululu. Kankalemba nthawi ya kumene tachokera, nthawi ya kumene tikupita, ndi maola otsala, manambala atatu osagwirizana, ndipo panalibe pamene panalembedwa dzina la kwathu kapena la kuno. Ku Nairobi anati tili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndiye kuti ndinali nditapitirira nthawi ya kwathu ndisanafike kwathu. Foni yanga kumeneko sinkagwira. Ndinagona pampando monga ananenera Idrisa.

Lamulungu ndinatera ku Lumbadzi. Ndinayang'ana pamene panali sikelo yanga, panali ina ya magetsi ndi nkhope zosandidziwa. Panja panali a Phiri, amuna a azakhali anu a Esinati, atabwereka galimoto.

"Alamu, amayi ali bwanji?"

"Tikawapeza, alamu. Matenda okha ndiwo akula."

"Nanga Saulosi sanabwere bwanji?"

"Watanganidwa pang'ono. Bweretsani chikwamacho."

Zaka khumi ndi zinayi ndinakhala ndikuona anthu pabwalo lomwelo akulandira abale awo ndi mawu omwewa. Kwathu munthu wapaulendo sauzidwa za imfa panjira, amamufikitsa kaye. Mwambo umenewu ndinkaudziwa ngati dzina langa, mwina ndinawathandizapo ena kunama chimodzimodzi. Koma tsikulo ndinawakhulupirira a Phiri. Ndinawaimitsa pa Dedza kuti ndigule malalanje ndi buledi wofewa woti amayi adye, ndipo iwo anaima, n'kundithandiza kusankha. Titapatuka pamsewu wa tala n'kuyenda pang'ono, ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, chizindikiro cha maliro. A Phiri anachepetsa liwiro n'kuvula chipewa. Ndinafunsabe kuti kodi m'mudzi muno wamwalira ndani, koma iwo anangopitiriza kuyendetsa mpaka pakhomo pa amayi. Malalanje aja anali pamiyendo panga.

Abale anandiuza kuti amayi anatisiya Loweruka dzuwa litapendeka, cha m'ma 5 koloko. Tinawaika Lolemba. Nkhope ndinaiona, koma sizimene ndinalonjeza.

2023: Kupuma ntchito

Nditabwerera ndinagwiranso zaka khumi ndi zitatu pachipatala chomwecho. Mayi Loreni sindinamuuze za mpando wa Lachitatu uja, ndipo mpaka lero amadziwa kuti matenda anangofulumira. Tsiku londitsanzika anabwera ndi ndodo, iyenso atapuma kalekale, ndipo anauza anthu kuti pa onse amene anagwira nawo ntchito, Wyson yekha ndiye sanabwezepo mawu ake. Anthu anaomba m'manja. Anandipatsa chikalata cha m'galasi, chimene mumandifunsa kuti bwanji sindichipachika.

Zaka zonsezi ndakhala ndi chizolowezi chimene amayi anu amadana nacho. Ndimatenga pepala n'kuyesa kupeza pamene ndinali pa 5 koloko ya Loweruka lija. Tsiku lina ndimapeza kuti ndinali pamwamba pa Egypt, tsiku lina Sudan, tsiku lina ndimasokoneza ola la ku Nairobi n'kuyambiranso. Sindidziwa chimene ndikufuna kupeza. Mwina ndimaganiza kuti ndikadziwa malowo ndidziwa kuti ndinatsala pang'ono bwanji.

Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho ndinapita kumudzi ndekha. Masana ena ndinakhala ndi azakhali anu a Esinati pakhonde la nyumba ya agogo anu, ndipo ndinawauza za mapepala anga owerengerawo, ndikuyesa kuseka. Iwo sanaseke. Anati pali chimene anagwirizana ndi Saulosi kuti asandiuze, koma tsopano tonse takalamba.

"Loweruka lija, achimwene, amayi anadzuka ndi mphamvu zimene sitinazione mlungu wonse. Anati ndiwasambitse. Anati ndiwaveke chilundu chobiriwira chimene munatumiza, ndi duku. Kenako anati tiwatulutse. Tinawayalira mphasa pomwe mwakhalapo, tinawatsamiritsa kukhomaku, kuti aziona msewu."

"Simunawauze kuti ndi Lamulungu?"

"Akanawauza ndani? Inu munakana, Saulosi anakana. Ine ndinayesa kawiri, koma ndinalephera. Galimoto iliyonse ikamveka ankadzutsa mutu. Chakudya anakana, anati adya ndi inu."

Ndinafunsa ngati anakwiya, ngati anandinena. Ndinkafuna anene kuti inde, chifukwa mwina zikanandipepukira.

"Amene anakwiya ndi Saulosi. Dzuwa litapendeka analephera kupirira, anati munthu uyu ndi wabodza, zaka zonsezi mawa mawa. Amayi anamuletsa ndi dzanja. Anati, 'Musamunene mwana. Kwawoko dzuwa limachedwa, amandiuza pafoni kuti kuno kukamada iwo kukadali masana. Loweruka lake silinathe.' Kenako anati tiwasiye pomwepo adikireko pang'ono."

Esinati ananyamuka kukaona madzi pamoto. Ine ndinatsala pamphasapo, msana kukhoma, nkhope kumsewu. Mayi amene sanapite kusukulu anawakumbukira maola asanu ndi limodzi amene ine wa kundege ndinawaiwala, ndipo anawagwiritsa ntchito kundikhululukira. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, koma ndinalira mokweza mpaka anthu a nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kwagwanso zovuta.